Momwe mungaonetsere kuti tsamba limasunga mphamvu ya dzuwa

Selo lililonse lamoyo limafuna mphamvu kuti lipange mapuloteni, lilowetse zakudya kudzera m'khungu lake lopyapyala, ndiponso kuti ligawanike. Mphamvu yochuluka imene zamoyo zimagwiritsa ntchito imachokera ku dzuwa, ndipo khomo lake lolowera ndi maselo a zomera, a ndere ndi a mabakiteriya ena. Mfundoyi ndi yosavuta kuloweza pamtima, koma imakhazikika bwino munthu akaiona ndi maso ake. Njira imene ili m'munsiyi inachokera ku ntchito ya Julius von Sachs, katswiri wa zomera wa ku Germany, amene m'zaka za m'ma 1860 anagwiritsa ntchito ayodini posonyeza kuti sitachi, chakudya chimene zomera zimasunga, imapangika m'masamba amene alandira kuwala.

Pezani chomera chodzalidwa mumphika chokhala ndi masamba ofewa, monga geranium, komanso kapepala kakuda kapena ka aluminiyamu, ethanol kapena sipiriti, madzi a ayodini, kabotolo kagalasi kopirira kutentha, chopanira ndi mbale yoyera.

Choyamba, ikani chomeracho m'malo amdima weniweni kwa maola 48. Ambiri amafulumira pa gawo limeneli poganiza kuti ndi longodikira, koma apa ndi pamene mumaona mbali ya kugwiritsa ntchito mphamvu. Mumdima maselo a tsamba saleka kugwira ntchito, ndipo popeza sangapange chakudya chatsopano, amaphwanya sitachi imene anasunga n'kuisandutsa shuga. Shuga wina amatumizidwa ku mizu ndi ku nsonga zimene zikukula, pamene wina amaphwanyidwa pang'onopang'ono, poyamba m'madzi a m'kati mwa selo, kenako m'tizigawo totchedwa mitochondria mothandizidwa ndi okosijeni. Mphamvu yotuluka pamenepo imasungidwa mu ATP, kamolekyulu kamene Karl Lohmann anakapeza mu 1929, ndipo ndiko kamene selo limagwiritsa ntchito mwachindunji pa zochita zake. Molekyulu imodzi ya shuga wa glucose imapereka ATP pafupifupi 30. Maola 48 akakwana, thyolani tsamba limodzi ndi kuliyesa monga tafotokozera m'munsimu, kuti mutsimikize kuti sitachi yatha. Mukapanda kutero, simudzadziwa ngati sitachi imene mudzaione pomaliza ndi yatsopano kapena yotsalira.

Kenako phimbani gawo la tsamba lina, lomwe likadali pa chomera, ndi kapepala kaja, pamwamba ndi pansi pomwe, ndipo mukapanikize bwino kuti kuwala kusalowe m'mbali. Ikani chomeracho padzuwa kwa maola 4 mpaka 6, dothi lake lili lonyowa.

Pa nthawi imeneyi, m'maselo a gawo losaphimbidwa muli tizigawo tobiriwira totchedwa chloroplast, ndipo chlorophyll, chinthu chobiriwitsa tsamba chomwe chili m'menemo, imayamwa kwambiri kuwala kofiira ndi kwa buluu. Mphamvu ya kuwalako imang'amba mamolekyulu a madzi, okosijeni n'kutuluka kupita mumpweya, ndipo zotsalazo zimathandiza kupanga ATP ndi molekyulu ina yonyamula mphamvu yotchedwa NADPH. Ziwirizi sizikhalitsa, choncho selo limazigwiritsa ntchito nthawi yomweyo pomanga shuga kuchokera ku mpweya wa carbon dioxide umene walowa pa timabowo ta tsamba. Powerengera zonse pamodzi, mamolekyulu 6 a carbon dioxide ndi 6 a madzi amapereka molekyulu imodzi ya glucose ndi 6 a okosijeni. Shuga akachuluka, selo limamulumikiza n'kupanga sitachi, imene siisungunuka m'madzi ozizira, motero imakhala m'selo popanda kukoka madzi ambiri amene akanalitupitsa.

Nthawi ikakwana, thyolani tsambalo, chotsani kapepala, ndipo liviikeni m'madzi owira kwa mphindi imodzi kuti maselo afe ndi kuti khungu lawo lilole ayodini kulowa. Mukatero, zimitsani moto musanatsegule botolo la ethanol, chifukwa nthunzi yake imagwira moto msanga kwambiri. Ikani tsambalo m'kabotolo kagalasi, thirani ethanol mpaka limire, ndipo imikani kabotoloko m'madzi otentha aja. Ethanol imawira pa madigiri 78 a Celsius, kotero madzi amene angochoka kumene pamoto ndi okwanira. Pakapita mphindi pafupifupi 10, ethanol idzakhala yobiriwira ndipo tsamba lidzakhala lotuwa. Ngati kubiriwira kukadalipo, sinthani madzi otenthawo ndi kudikira, pakuti chlorophyll yotsala imabisa mtundu umene mukufuna kuona. Tsamba lotuluka mu ethanol limakhala louma ndi losachedwa kuthyoka, choncho litsukeni m'madzi ofunda kuti lifewe, liyaleni pa mbale yoyera, ndipo donthezani ayodini mpaka lonse linyowe.

Gawo limene linali padzuwa lidzasanduka lakuda mopita ku buluu, chifukwa ayodini amadetsa sitachi, pamene gawo lophimbidwa lidzangotenga mtundu wa ayodini, wachikasu mopita ku bulauni. Kapepala kakakhala kuti kanadulidwa ngati chilembo, chilembocho chimaonekera pa tsamba momveka bwino, ndipo m'pofunikadi kuyesa zimenezi chifukwa mzere wa malirewo umasonyeza kuti selo lililonse lasunga malinga ndi kuwala kumene linalandira.

Tsamba lonse likada, ndiye kuti mdima sunakwane kapena kuwala kunalowa pansi pa kapepala. Likapanda kuda paliponse, kawirikawiri vuto limakhala dzuwa lochepa, dothi louma limene lachititsa timabowo ta tsamba kutsekeka, kapena mtundu wa chomera, pakuti zomera zina, monga anyezi, sizisunga sitachi yochuluka m'masamba awo.

Kuti muone ntchito ya chlorophyll payokha, bwerezani zonsezi ndi tsamba la mawanga obiriwira ndi oyera, koma osaliphimba. Jambulani mawangawo papepala musanaliviike m'madzi owira, chifukwa likachoka mu ethanol lonse limakhala lotuwa mofanana, ndipo chojambulacho ndi chimene mudzayerekezere ndi malo amene ayodini wadetsa.