Kupeka gule watsopano potengera nzeru za ovina a ku India

Magulu ovina a ku Chikwawa ndi ku Nsanje amene akufuna kupeka gule watsopano, koma osataya utse kapena likhuba, angaphunzire zambiri kwa akatswiri a ku India, omwe akhala akukonzanso magule a makolo awo kwa zaka pafupifupi 100.

Yambani ndi kudziwa bwino gule wakaleyo musanamusinthe. Mayi Chandralekha a ku Chennai, omwe anamwalira mu 2006, anaphunzira kaye mwakuya Bharatanatyam, gule wakale wa kum'mwera kwa India, ndipo mu 1985 anaonetsa gule wotchedwa Angika, momwe anaphatikiza kavinidwe kakaleko ndi yoga komanso Kalaripayattu, luso lomenyera nkhondo la ku Kerala. Gule ameneyu anagwira mtima anthu chifukwa mayiwa sanangotola zidutswa, koma anagwira ntchito ndi eni ake a lusolo. Inunso khalani pansi ndi agogo odziwa kuvina, anyamata a ng'oma ndi oimba ulimba, kufikira aliyense m'gulu atadziwa pamene phazi limagwera.

Mukatero, sinthani chinthu chimodzi chokha, ndipo apa m'pamene magulu ambiri amalakwitsa, chifukwa amasintha zovala, nyimbo ndi masitepe nthawi imodzi mpaka gule kusowa mwini. Kathak, gule wakale wa kumpoto kwa India, anali gule amene kawirikawiri munthu ankavina yekha, koma Mayi Kumudini Lakhia, pa sukulu yawo ya Kadamb ku Ahmedabad, anasunga kapondedwe ka mapazi ndi kuzungulira kwake, n'kuyamba kuimika ovina ambiri pamodzi ndi kuwapatsa nkhani za masiku ano. Ngati gule wanu amavinidwa mozungulira bwalo, yesani kugawa ovina m'mizere iwiri yoyang'anizana, kapena letsani ng'oma kwa kanthawi kuti mapazi okha amveke. Nkhani musaifune kutali, poti kusefukira kwa Shire, kutola thonje ndi kudula nzimbe ku Nchalo zili kale m'matupi a ovina anu.

Konzekerani m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, chifukwa kutentha kwa kuno kumafooketsa msanga. Jambulani pa foni n'kuonera limodzi, kenako muvinire akuluakulu a m'mudzi musanapite pagulu. Magule a kudambwe ndi miyambo ya kwa Mbona ku Khulubvi musaikhudze, ndipo pamene mukukayika, funsani mfumu.