Momwe mungapalasire njinga kuchoka ku Dedza, kutsika Khwekhwelere mpaka ku Mua

Anthu ambiri amandifunsa kuti ulendo wa njinga wa tsiku limodzi woti munthu uone dziko osati kumangopikisana ndi maminibasi ndi uti, ine yankho langa silisintha, Dedza kupita ku Mua kudzera msewu wa Masasa wotsikira ku Golomoti, uja timautcha Khwekhwelere. Ndaupalasa kangapo ndipo ndimaukonda zedi, koma unandipwetekapo kamodzi, ndiye ndilemba momwe ndimachitira pano.

1. Sankhani nyengo

Pitani pakati pa Meyi ndi Ogasiti. Mvula imakhala yatha, mapiri akadali obiriwira pang'ono, komanso kumunsi sikunayambe kutentha. Okutobala musayerekeze, ku Golomoti dzuwa lake limaotcha mpaka chishalo. Kumbukirani kuti Dedza ili pamwamba, mamita pafupifupi 1,600, pomwe nyanja ili pansi pa mamita 500, ndiye mumanyamuka mutavala juzi mano akuguguda koma pofika kumunsi mwatsala ndi malaya okha. Juziyo ikhale yoti ikwana m'chikwama.

2. Njinga yake

Sikuti mpaka mukhale ndi njinga yodula ayi. Ine ndimagwiritsa mauntenibaiki yakaunjika yamagiya, ndipo ndaonapo anyamata a kabaza akutsika msewu womwewu pa njinga zawo zija zopanda giya atanyamula matumba a kachewere. Chachikulu ndi malimu owongoka, masipoko osadukaduka ndi kaliyala yolimba. Mukamagula yakaunjika musakomedwe ndi penti, anyamata ena amangoipopera utoto njinga yoti felemu yake inathyokapo n'kuwotcherera, ndiye yang'anani pansi pomwe pamalowa mapedulo ndi pakhosi pa handulo, mukaona chotupa chawotcherera isiyeni ngakhale akuchotsereni mtengo. Mitengo sinditchula poti masiku ano ukafunsa m'mawa madzulo yasintha, koma nenererani, mtengo woyamba si weniweni.

M'chikwama muike pampu, chubu chapadera, zigamba ndi guluu wake, sipanala, ma allen key (timasipanala topindika ngati L), kebulo ya buleki imodzi ndi mabotolo awiri a madzi. Katundu mumange pa kaliyala ndi malamba a chubu chakale, osabereka kumsana.

3. Kuchoka pa boma kukafika pa Masasa

Nyamukani kukangoyera. Chigawo ichi muli pa M1 kulowera ku Ntcheu ndipo ndi chokhacho chomwe sindimachikonda chifukwa cha mathiraki ndi mabasi, ndiye khalani kumanzere kwenikweni, mukamva hutala tsikirani m'mbali basi osalimbana nazo. Pa mphambano ya ku Bembeke imani mugule nthochi kapena mbatata yootcha, kutsogoloku zakudya ndi zosowa mpaka mutatsika. Ndalama tengani zamanja zing'onozing'ono, Airtel Money ndi Mpamba zimathandiza koma netiweki m'makhotamo imabwera n'kumapita. Mukafika pa Masasa khoterani kumanzere, phokoso lonse limathera pompo.

4. Mabuleki, apa ndiye mumvetsere

Ulendo wanga woyamba ndinasinthitsa timalabala ta mabuleki dzulo lake kwa mkulu wina wokonza njinga pansi pa mtengo, anandionetsa mitundu iwiri, ina yodula ina yotchipa pafupifupi theka, n'kunena kuti bwana zonsezi ndi chimodzimodzi. Ndinatenga yotchipayo. Pamalo athyathyathya inkagwira bwinobwino moti sindinakayike kalikonse.

Khwekhwelere ndi mtsetse wautali wokhotakhota, ukatha khona ili lina layamba kale, ndipo ine ndinangofinya mabuleki onse awiri osasiya kuyambira pamwamba. Patapita nthawi ndinayamba kumva fungo ngati la pulasitiki yopsa, kenako buleki ya kumbuyo inayamba kulira koma njinga osachepetsa liwiro, ndikafinya chogwirira chikufika mpaka pa handulo. Timalabala tija tinali titasungunuka n'kusalala ngati galasi. Ndinatsala ndi ya kutsogolo yokha, nayo limu inatentha mpaka chubu chinaphulika ndili pakhona, ndinagwera m'ngalande bondo n'kung'ambika, mwamwayi kunalibe galimoto ikubwera ndipo ndinagwera mbali ya phiri osati ya phompho. Nditakhudza limu ija ndinapsa chala. Bambo wina yemwe ankakwera phirilo wapansi ndi amene anandidzutsa, anandimanga bondo ndi kansalu, ndipo njinga ndinaikankha mtunda wonse wotsala mpaka kumunsi.

Ndiye chitani izi. Pogula timalabala tikandeni ndi chikhadabo, tabwino timakhala tofewa pang'ono ndipo chikhadabo chimalowa, tabodza timakhala gwa ngati chivindikiro cha botolo. Gulani tabwinoto mapeya awiri, ena mukhale nawo m'thumba. Mukamangitsa onetsetsani kuti kalabala kakukhudza limu yokha osati tayala, chifukwa kakamakhula tayala kamalidya m'mbali mpaka kuboola. Kebulo ikhale yokoka bwino, mukafinya chogwirira chiziima pakati pasanafike pa handulo, ndipo ngati yayamba kutuluka tingwe sinthani lero lomwe. Limu muipukute ndi nsalu youma, mafuta a tcheni asafikepo. Matayala musawapope mpaka gwa ngati mwala tsiku lotsika, mpweya ukatentha umafufuma, ndiye siyani kampata.

Potsikapo musagwire mabuleki osasiya ngati momwe ndinachitira ine. Finyani mwamphamvu musanalowe pakhona liwiro litsike, kenako tayani pang'ono limu ipume, n'kufinyanso, muzisinthanitsa ya kumbuyo ndi ya kutsogolo. Thupi mulibwezere kumbuyo kwa chishalo kuti mukagwira ya kutsogolo musadumphire pa handulo. Pakhona pakati penipeni musagwire ya kutsogolo mwadzidzidzi makamaka pomwe pali timiyala kapena mchenga wokokoloka. Ine pano ndimaima kanayi kapena kasanu ndisanafike pansi, ndimayandikitsa dzanja pa limu, ikakhala yotentha ndimakhala pamwala kudikira izizire. Ndipo kuimako si kutaya nthawi, pamenepo ndi pomwe mumaona chigwa chonse chili yalaa kumunsi, kukakhala kopanda nkhungu nyanja imaoneka patali ikunyezimira. M'mbali mwa msewu mupeza anyamata akugulitsa timagalimoto ndi timathirakitala tosema ndi mitengo komanso madengu, ntchito yake ndi yaluso kwambiri, kagalimoto kamodzi kamakwana pa kaliyala ngati mwasiya malo.

Chinanso, malole amatsika msewu umenewu mabuleki akununkha ngati anu omwe, mukamva ikubwera kumbuyo imani ipite. Ngozi zachitikapo zambiri pa Khwekhwelere ndipo madalaivala amaudziwa.

5. Ulemu m'midzi

Mukaona masamba kapena nthambi zaikidwa pamsewu ndiye kuti pali maliro, tsikani pa njinga muikankhe mpaka mutadutsa masamba enawo, chipewa muvule. Mukakumana ndi gule patukani mumupatse njira, foni m'thumba, osajambula musanaloledwe. Madzi akatha pemphani pa mjigo, mupereke moni kaye kwa amayi omwe mwawapeza, zikomo amayi mwaswera bwanji, ndipo mudikire akuuzeni kuti tungani.

6. Golomoti mpaka Mua

Mukafika pansi mupeza M5, khoterani kumanzere ngati mukupita ku Salima. Pa Golomoti pali tchipisi, tiyi ndi okonza njinga, komanso kufupi ndi pomwe pali malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20 omwe anayamba kugwira ntchito mu 2022. Kuyambira apa ndi pathyathyathya, malambe mbali zonse, kungoti kukutentha ndiye imwani madzi. Muli m'dera la Inkosi Kachindamoto. Chikwangwani cha Mua chili kumanzere musanafike pa Mtakataka, mulowe kamsewu kolunjika kuphiri.

7. Pa Mua

Mishoni ya Mua anaiyambitsa ansembe a White Fathers mu 1902, ndipo malo a zachikhalidwe a KuNgoni anawatsegula bambo Claude Boucher mu 1976. Lowani mu Chamare Museum muone zigoba za gule wamkulu ndi mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao, pamakhala kolipira pakhomo. Osema ziboliboli alinso pompo. Malo ogona alipo koma imbani foni kusadafike tsikulo.

8. Pobwerera

Kukwera Khwekhwelere pa njinga ndi nkhani ina, ine ndimabwerera pa Golomoti n'kukweza njinga pa lole kapena minibasi yopita ku Dedza. Gwirizanani mtengo wa njinga isanakwere pamwamba, ndipo muimange nokha mbali ya magiya ili kumwamba.