Mwana wong'ambika mlomo si wa phala chonde

Dzinja lino kusikelo kwathu kuno cha ku Santhe ndakumana ndi ana awiri obadwa ong'ambika mlomo mpaka kumwamba kwa m'kamwa, ndipo onse nkhani yake ndi imodzi, mzere wa m'buku la sikelo wangogona osakwera, ukafunsa kuti mwanayu akudya chani akuti tinamuyambitsa kaphala kamadzimadzi poti bere akukana. Mwana wa masabata 5 phala! Zandiwawa kwambiri ine.

Mwanayo sakukana bere ayi. Kuti mwana akoke mkaka pamafunika m'kamwa mutsekeke bwino, ndiye iyeyu mpweya umathawira pong'ambika paja kupita m'mphuno, zili ngati mjigo woti malabala anatha, mupopa mpaka thukuta koma madzi akungobwera madontho. Amalimbana ndi bere mwina theka la ola, kutopa, kugona, inu nkumati wakhuta pomwe m'mimba mulibe kanthu. Akayamba kufota ndiye mwathamangira ufa.

Tsono phala lija limangodzadza kamimba kake kakang'onoko koma silimukulitsa, matumbo ake sanakhwime mpaka miyezi 6, ndi chifukwa chake timakuwa tsiku ndi tsiku za kuyamwitsa mwakathithi. Madzi a pachitsime mvula ino mukuwadziwa, mawa lake wayamba kutsegula m'mimba. Komanso mwana wotere satenga nthawi kutsamwa, phala limatulukira m'mphuno lina kulowera kumapapo, nkudwala chibayo. Uku bere likapanda kukhudzidwa limayamba kuuma, pakatha masabata awiri mayi akuti mkaka unatha wokha, sunathe wokha mayi, unasiyidwa. Ndiye mugula mkaka wa m'chitini ndi ndalama iti poti fodya akadali m'chigafa, kumsika wa fodya ku Chinkhoma sanatsegule?

Koma chomwe chimandipweteka zedi ndi opaleshoni. Mlomo umasokeka, pali ana ambiri anasokedwa akuyenda bwinobwino, a bungwe la Operation Smile akhala akupanga zimenezi mwaulere muno m'Malawi kuphatikizapo ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Mlomo amasoka mwana akafika miyezi 3 mpaka 6, kumwamba kwa m'kamwa amadikira ayandikire chaka. Koma madokotala sangagoneke mwana wonyentchera, amafuna afike cha m'ma kilo 5. Ndiye mwagulitsa nkhuku, mwakwera minibasi mpaka ku Lilongwe, mwana waikidwa pasikelo nkubwezedwa kuti akayambe wanenepa, chifukwa cha phala lomwe lija.

Za tsempho ndiye ndatopa nazo. Mwana akuonda ndi njala, agogo ali kalikiliki kufunsa bambo ake kuti anayenda kuti, ena akuti mayi anathira mchere, ena walodzedwa, kumumwetsa zitsamba, mwezi wathunthu kutha pa milandu mwana osadya. Kung'ambikaku kumachitika mimba ili yaing'ono, pamene nkhope ya mwana ikulumikizana, palibe analakwa.

Bambo ena olima fodya anandipeza pa mjigo sabata yatha ndikulankhula zomwezi, akuti alangizi, ine mbuzi yanga inabereka kamwana kolephera kuimirira, sindinakapatse madeya ayi, ndinkagwira make nkukama, kukamwetsa pang'onopang'ono ngakhale usiku ndi tochi ya pafoni, lero ndi tonde. Ndinawauza kuti bambo mwamaliza nkhani yonse, kawauzeni amayi kunyumba, poti mmodzi wa ana ndanena aja ndi mdzukulu wawo.

Zochita ndi zomwezo. Sambani m'manja ndi sopo, finyirani mkaka m'kapu yotsukidwa bwino, mukhazikeni mwana tsonga, kapu ingokhudza mlomo azipsontha yekha, osamuthira. Maola awiri kapena atatu alionse, usiku womwe, kosachepera 8 patsiku, akagona mudzutseni, ndipo muzimubyukutsa pafupipafupi poti amameza mpweya wambiri. Kubere muziyamba mwamuyikabe, ngati wang'ambika mlomo wokha tsekani pong'ambikapo ndi chala ambiri amayamwa bwino. Mkaka wofinya kukatentha usapitirire maola 4, mukamapita kumunda siyani watsopano. Matewera anyowe kosachepera 6 patsiku, ndipo pofika masabata awiri akhale atabwerera pa kilo anabadwira. Kusikelo bwerani naye sabata iliyonse osadikira mwezi, ngati sakukwera anesi akuuzani chowonjezera. Akayamba kupuma mobanika, kutentha thupi kapena kufooka osamwanso, tengani kabaza wakuchipatala tsiku lomwelo.