Kubwezeretsa Nthawi Yogona ya Ana Sukulu Isanatsegulidwe

Mwafunsa kuti mutani popeza ana anu azolowera kugona mochedwa pa tchuthi, pomwe sukulu yatsala pang'ono kutsegulidwa.

Yambani kutatsala masabata awiri. Musawakakamize kusintha tsiku limodzi, thupi silimva choncho. Mwana amangotembenukatembenuka pogona, maso ali gwa. M'malo mwake, pakatha masiku awiri alionse, azigona mofulumirako ndi mphindi 15, ndipo azidzukanso mofulumirako ndi mphindi zomwezo. Kudzukako ndiye kofunika kwambiri. Mwana akadzuka m'mawa n'kutuluka panja kukaona kuwala kwa dzuwa, madzulo tulo timamupeza tokha.

Kuti mudziwe nthawi yoyenera kugona, werengani chobwerera m'mbuyo kuchokera pa nthawi yodzuka. Mwana wa zaka 6 mpaka 12 amafunika kugona maola 9 mpaka 12, pomwe wa zaka 13 mpaka 18 amafunika maola 8 mpaka 10. Ngati adzuka 6 koloko m'mawa, wamng'onoyo akhale atagona pofika 9 koloko usiku.

Kenako foni ndi TV zizizimitsidwa kutatsala ola lathunthu kuti akagone, ndipo foni isagone kuchipinda kwa mwana. Apa ndi pamene makolo ambirife timalephera, chifukwa nafenso manja athu sachoka pafoni. Anawo amationa.

Yunifolomu, mabuku ndi nsapato azikonzeratu madzulo n'kuziika pamalo amodzi. Loweruka ndi Lamlungu musawalole kuchedwa kudzuka kupitirira ola limodzi, apo ayi Lolemba mudzayambiranso poyamba.