Momwe mungayambire ntchito yodzipereka pa zaumoyo kumudzi kwanu

Mlangizi wa zaumoyo mmodzi, yemwe ambiri timangomutchula kuti HSA, amayenera kuyang'anira anthu pafupifupi 1,000, koma m'madera ambiri anthu ake amaposa pamenepo. Sangathe kufika khomo lililonse yekha. N'chifukwa chake mabungwe monga Malawi Red Cross Society, World Vision ndi CADECOM amadalira mavolontiya. Ngati mtima uli pomwepo, yambani motere.

Choyamba, pitani kwa HSA wa dera lanu, osati ku ofesi ya bungwe m'tauni. Iyeyo ndiye amadziwa mabungwe omwe akugwira ntchito kwanuko komanso pomwe komiti ya zaumoyo ikuperewera manja. Mukatero kaonekereni kwa amfumu. Mavolontiya ambiri amasankhidwa pamsonkhano wa mudzi, a komiti ya chitukuko cha m'mudzi (VDC) ali pomwepo, ndipo wolowera pazenera anthu samutsegulira khomo.

Chachiwiri, lifufuzeni bungwelo. Bungwe lenileni limakhala lolembetsedwa ku NGORA, ofesi ya boma yoyang'anira mabungwe omwe si aboma, ndipo kukhonsolo amalidziwa. Wina akati perekani ya fomu kuti dzina lanu lilowe, ameneyo ndi kamberembere.

Chachitatu, funsani za alawansi poyera, tsiku loyamba lomwelo. Apa ndi pomwe ambiri amakhumudwira. Mwina mudzalandira tisheti, chitenje, ya thiransipoti popita kumaphunziro, pena njinga, koma malipiro a pamwezi ayi. Musagoneke munda chifukwa cha uvolontiya. Nenani masiku omwe mungakwanitse, ndipo nyengo yopalira muiwerengeretu.

Chachinayi, maphunziro musawaphonye, ndipo dziwani polekezera. Adzakuphunzitsani kuyeza mkono wa mwana ndi kalamba ka MUAC: kakaonetsa kufiira, kutanthauza kuti mkono sukukwana masentimita 11.5, mwanayo apite kuchipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzi mukadina phazi ndi chala n'kutsala kadzenje kumapazi onse awiri. Mudzaphunziranso kusungunula Thanzi ndi kuthira kolorini m'madzi akumwa, zomwe mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, womwe unapha anthu oposa 1,700, unationetsa kufunika kwake. Koma inu si dokotala ayi. Kubaya jakisoni ndi kugawa mankhwala a malungo n'za omwe anaphunzira ntchitoyo. Yanu ndi kuona msanga, kutumiza, ndi kukumbutsa amayi tsiku la sikelo. Zomwe mwaona m'nyumba ya munthu, makamaka za wakumwa ma ARV, zithere pomwepo. Volontiya wolongolola amathawitsa mudzi wonse.

Chachisanu, konzani kaye panu. Chimbudzi chikhale ndi chivindikiro, mpondagiya akhale ndi madzi ndi sopo kapena phulusa, thandala la mbale liime, dzenje la zinyalala likumbidwe. Anthu amayamba asuzumira kuseri kwa nyumba yanu asanamve zomwe mukunena.

Chomaliza, funsani kuti pulojekitiyo itha liti, pakuti yonse imatha ndipo galimoto zimasiya kubwera. Isanathe, limbikitsani zomwe mudzi ungayendetse wokha: banki mkhonde yokhala ndi thumba la zadzidzidzi lothandizira wodwala kufika kuchipatala, dimba la ndiwo zamasamba, mbuzi zopatsirana, ndi kandalama kosonkha pamwezi kogulira zipangizo mjigo ukawonongeka. Kaundula wa makomo omwe mumayendera musamusunge nokha. Wina wa m'komiti adziwe kalembedwe kake, ndipo lipoti lizifika kwa HSA mwezi uliwonse.