Mafogi ndi maspotilaiti: kayatsidwe kake mu msewu wa Chikwawa mpaka Nsanje

Amwene tiyeni tiuzane za magetsi a galimoto, chifukwa zomwe tikuchitana usiku mu M1 kuchokera pa Thabwa kukafika ku Bangula sizili bho ayi. Munthu kumwamba kuli nyenyezi mbee, iye wayatsa fulu, mafogi, ndi ka LED bar kapamwamba komwe, ngati akukagwira ngumbi.

Tiyambe ndi mafogi, timagetsi tija tili mmunsi mwa bampala. Anatiika pansi dala kuti kuwala kwake kuzikwawa pa tara, kumaunika mzere wa m'mbali ndi mamita ochepa akutsogolo basi, osati patali. Ntchito yake ndi ya nthawi yomwe simukuona bwino, kaya ndi chifunga, chimvula champhamvu, fumbi kapena utsi. Kuno chifunga chenicheni timakumana nacho pokwera mapiri aja opita ku Blantyre nthawi ya chiperoni, cha mu June ndi July, komanso mmamawa kufupi ndi Shire. Fumbi ndiye musanene, mukatsatana ndi thiraki mu msewu wadothi wa ku East Bank mwezi wa October, nanga utsi akamawotcha nzimbe cha ku Nchalo?

Ndiye mukalowa mu chifunga choyamba chotsani phazi pa moto, ikani dimu, kenako mafogi. Fulu ayi. Ambiri apa ndi pomwe timalakwitsa, timaganiza kuti kuchulutsa kuwala ndiye kuona, koma chifunga ndi timadontho tamadzi, fulu ikamenya pamenepo kuwala kumabwerera m'maso mwanu momwe ndiye mumangoona chikhoma choyera. Mahazadi musayende nawo, wakumbuyo sadziwa ngati mwaima kapena mukufuna kukhota. Ku UK lamulo lawo limati mafogi ndi apomwe simukutha kuona kupitirira mamita 100, ine ndimatengera pomwepo, kutalika kwa galaundi ya mpira. Kukangoyera zimitsani.

Pa dashibodi kachizindikiro kobiriwira kokhala ndi kamzere kokhotakhota ndi ka mafogi akutsogolo, kachikasu ndi ka fogi yakumbuyo, kabuluu ndi fulu. Fogi yakumbuyo ndi yofiira kwambiri ngati wina waponda buleki osachotsa phazi, ndiye mukaiwala kuzimitsa wokutsatirani m'maso mumawawa komanso mukapondadi buleki sazindikira msanga. Ma Sienta ndi ma Probox ambiri ochokera ku Japan alibe nkomwe yakumbuyoyi, musavutike kusakasaka switchi.

Tsopano maspotilaiti ndi ma LED bar, awa ndi ena, ndi abale ake a fulu oponya kuwala kutali. Sindiwada ayi, kuno ng'ombe zimagona pa tara usiku, ngolo zimayenda zopanda rifulekita, akabaza atanyamula matumba a makala opanda ngakhale tochi, ndiye ukakhala wekha mu msewu amathandizadi. Koma lamulo lake ndi lomwelo la fulu. Mukangoona magetsi akubwera kutsogolo zimitsani msanga, musadikire kuti mnzanuyo achite kukuphethirirani kaye. Mukakhala kumbuyo kwa galimoto ina chimodzimodzi, kuwala kumamulasa kudzera pa magalasi. Pa Dyeratu, pa Nchalo, pa Ngabu pomwe pali anthu pikitipikiti dimu yakwana, ndipo wanjinga ndi woyenda pansi nawonso ali ndi maso.

Tsiku lina ndikuchokera ku maliro ku Nsanje cha m'ma 8 usiku ndinakumana ndi chi pikapu chili ndi bar yake ngwee, ndinathobwa osaona kanthu, mwayi ndinali nditachepetsa kale liwiro nkumayang'ana mzere wakumanzere, atangodutsa ndimaona mbuzi zitatu zili pa mphuno penipeni. Mukathobwa chitani zomwezo, maso kumanzere m'mbali mwa msewu, liwiro pansi, osabwezera fulu chifukwa mukhala akhungu awiri oyang'anizana.

Pomangitsa muuzeni wamagetsi alumikize kudzera pa rilee kuti maspotilaiti aziyaka pokhapokha fulu ikayaka, mukamenya dimu azizima okha, osati switchi yapayokha yoti muzichita kuifufuza mu mdima muli pa kona. Aikenso fyuzi yake. Mukamaliza imikani galimoto pamalo athyathyathya moyang'ana khoma madzulo, muyatse mafogi, kuwala kukamafika m'mwamba mofanana ndi hedilampu ndiye kuti apendama, abwezeni aziyang'ana pansi.