Momwe mungadziwire mtundu wa lendi musanalembe notisi

Malamulo omwe tidatengera kwa Angelezi amagawa lendi m'magulu anayi, ndipo gulu lililonse lili ndi kathetsedwe kake. Musanathamangire kukhoti, tengani kaye pepala la pangano.

Yang'anani tsiku lothera. Ngati palembedwa "chaka chimodzi" kapena "mpaka 31 Disembala", imeneyo maloya amati fixed term: tsiku likakwana yatha yokha, notisi siyofunika. Lizi ya zaka 99 ya ku Unduna wa Zamalo ili m'gulu lomweli, kungoti ndi yaitali. Pa malo a pansi pa lamulo la kalembera wa malo (Registered Land Act), lendi yopitirira zaka zitatu iyenera kukalowa m'kaundula. Chenjerani ndi mafomu a madobadoba. Amakudyani ndalama yoonera nyumba, kenako nkukupatsani pepala lopanda deti.

Ngati tsiku palibe koma ndalama imabwera mwezi ndi mwezi, ndi periodic tenancy. Imadzitsitsimula yokha mpaka wina apereke notisi yokwana mwezi wathunthu.

Apa mpomwe ine ndidapsa. Ndili ndi kanyumba kumbuyo kwa kwathu, ndipo pangano la bambo omwe ankakhalamo lidatha. Sadatuluke. Mwezi wotsatira adatumiza lendi pafoni, ine nkulandira, nkugulira simenti. Mumtima ndinkati pangano lidatha kale, ndikapeza munthu wina ndingowauza asamuke. Munthuyo ndidampezadi, dipoziti adapereka, galimoto ya katundu adalankhula nayo. Bambo aja adakana kusuntha. Loya adangofunsa funso limodzi: "Pangano litatha, mudalandirako ndalama?" Nditavomera, adati polandira ndalamayo ndidawasandutsa ndekha mlendi wa mwezi ndi mwezi, choncho ndilembe notisi nkudikira. Dipoziti ndidabweza ndi ndalama yangongole, popeza ija idali italowa kale m'khoma.

Magulu awiri otsalawo ndi osavuta. Mlamu amene mudamuuza kuti "bakhalani" popanda tsiku lotulukira kapena lendi ya pamwezi ali pa tenancy at will. Aliyense wa inu akhoza kuithetsa nthawi iliyonse. Amene pangano lake latha koma wakakamira, inu musanalole komanso musanalandire kanthu, ali pa tenancy at sufferance. Ameneyo akatumiza ndalama, ibwezeni tsiku lomwelo ndipo musunge uthenga wake pafoni. Zozula chitseko kapena kusasula malata musayese, kasumeni kukhoti.